PHUNZIRO LA ZAUMOYO: KODI MAFUTA AMENE MUMADYA AMAPITA KUTI?

Ntchito ya mumgodi siigwirika ndi njala. Kugwira makina oboolera mwala, kukoka zitsulo ndi kuyenda mtunda wautali pansi pa nthaka kumafuna chakudya chopatsa mphamvu. N'chifukwa chake anthu ambiri akaweruka amathamangira nyama yonona, soseji, tchipisi ndi magwinya, poganiza kuti zonsezo zikatha ndi thukuta la mawa. Koma chaka ndi chaka, pa nthawi yoyezetsa m'thupi, anthu ena ooneka amphamvu amauzidwa kuti BP yakwera, shuga wakwera, kapena mafuta achuluka m'magazi.

Ku South Africa lamulo la Mine Health and Safety Act la 1996 limafuna kuti ogwira ntchito m'migodi aziyezedwa, ndipo munthu salowa pansi popanda chiphaso chosonyeza kuti thupi lake lili bwino, chija ambiri amachitcha red ticket. Choncho nkhani ya mafuta ikukhudza ntchito yanu, ndalama zimene mumatumiza kumudzi, ndiponso thupi limene mudzabwerere nalo kwanu.

Mafuta si mdani. Thupi silingakhale popanda mafuta. Koma mafuta sali amtundu umodzi, ndipo kugwira ntchito yolemetsa sikuchotsa vuto limene mtundu wina wa mafuta umabweretsa m'mitsempha ya magazi. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyeni tione mmene mafuta anapangidwira ndi mmene thupi limawaphwanyira.

1. KODI MAFUTA ANAPANGIDWA NDI CHIYANI?

Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso totchedwa maatomu. M'mafuta muli maatomu a mitundu itatu: kaboni, hayidirojeni ndi okosijeni. Kaboni ndi yemwe uja ali m'makala ndi m'malasha. Hayidirojeni ndi okosijeni ndi amene amapanga madzi akaphatikizana.

Pafupifupi mafuta onse amene timadya, kaya ndi a ng'ombe, a mtedza kapena a mpendadzuwa, anamangidwa mofanana. Taganizirani foloko ya mano atatu. Chogwirira chake ndi gliserini, yemwe ali ndi maatomu atatu a kaboni. Dzino lililonse ndi unyolo wautali wa maatomu a kaboni olumikizana, ndipo m'mbali mwake mwamatirira maatomu a hayidirojeni. Unyolo umenewu umatchedwa asidi wa mafuta, ndipo nthawi zambiri umakhala ndi kaboni 16 kapena 18. Foloko yonseyo, gliserini ndi maunyolo ake atatu, imatchedwa triglyceride. Mukaona mawu amenewa pa pepala la zotsatira za magazi anu, dziwani kuti akunena mafuta.

Amene anasonyeza kuti mafuta ndi gliserini wophatikizana ndi ma asidi a mafuta anali wasayansi wa ku France, Michel Eugène Chevreul, m'buku limene anatulutsa mu 1823. Iye ankafufuza za sopo. Mafuta akaphikidwa ndi soda wopangira sopo, mano a foloko ija amathothoka. Maunyolo aja amasanduka sopo, ndipo gliserini amatsala payekha. Ameneyu ndi gliserini yemwe timadzola khungu likauma. Gliserini yemweyo ndiye ankapangira dainamaiti amene Alfred Nobel analembetsa mu 1867, ndipo fakitale ya ku Modderfontein, pafupi ndi Johannesburg, inatsegulidwa mu 1896 kuti izipangira migodi ya golide mabomba oswera miyala.

Maunyolo amenewa ndi odzaza ndi mphamvu. Galamu imodzi ya mafuta imapereka ma kilojoule 37, pamene galamu imodzi ya sitachi, shuga kapena mapuloteni imapereka 17 okha. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi ma kilojoule pafupifupi 500.

2. N'CHIFUKWA CHIYANI MAFUTA ENA AMAUNDANA, ENA AYI?

Siyani poto wa nyama ya ng'ombe usiku wonse. M'mawa mupeza mafuta oyera ataundana pamwamba. Koma botolo la mafuta a mpendadzuwa limakhalabe lamadzimadzi. Kusiyanaku kumachokera pa kaonekedwe ka maunyolo aja.

Mafuta oundana. Unyolo ukadzaza hayidirojeni paliponse, popanda malo otsala, umakhala wowongoka. Pachingerezi amati saturated, kutanthauza kuti wakhuta. Maunyolo owongoka amapanikizana bwino ngati mtolo wa nsungwi, motero mafutawo amalimba. Mafuta otere ndi ochuluka mu nyama yonona ya ng'ombe, nkhosa ndi nkhumba, mu batala, tchizi, soseji ndi poloni. Zomera zina zilinso nawo: pafupifupi theka la mafuta a kanjedza, amene amalembedwa kuti palm oil, ndi oundana, ndipo a kokonati amaposa pamenepo.

Mafuta amadzimadzi. Unyolo wina umasowa hayidirojeni pamalo ena, ndipo pamalopo maatomu awiri a kaboni amagwirana kawiri. Zikatero unyolo umapindika. Pachingerezi amati unsaturated. Maunyolo opindika sapanikizana, monga mmene nkhuni zokhota zimavutira kumanga mtolo, choncho mafutawo saundana. Mafuta a mtedza, mapeyala ndi canola ali ndi maunyolo ambiri opindika pamalo amodzi. A mpendadzuwa, soya ndi chimanga ali ndi ambiri opindika pawiri. Nsomba zamafuta, monga pilchards za m'chitini, usipa ndi kapenta, zili ndi mtundu wotchedwa omega-3, wopindika malo ambiri.

Pali mitundu iwiri ya ma asidi a mafuta imene thupi silitha kupanga lokha, wina wa gulu la omega-6 ndi wina wa gulu la omega-3. Imeneyi iyenera kuchokera m'chakudya. George Burr ndi mkazi wake Mildred Burr, ofufuza a ku America, ndi amene anasonyeza mu 1929 kuti chakudya chopanda mafuta n'komwe chimadwalitsa.

Mafuta a trans. Mafakitale anapeza njira yolimbitsira mafuta amadzimadzi powapopera hayidirojeni, kuti apange majarini olimba ndi mafuta ophikira mabisiketi osachedwa kuwonongeka. Ntchitoyi ikachitika mosamaliza, maunyolo ena amawongoka mwachilendo n'kukhala mafuta a trans, omwe ndi oipa kwambiri ku mtima kuposa ena onse. Mu 2011 South Africa inaika lamulo loti mafuta a trans opangidwa m'fakitale asapitirire magalamu 2 pa magalamu 100 alionse a mafuta, ndipo mu 2018 bungwe la WHO linapempha maiko onse kuti awathetse. Mukaona mawu akuti partially hydrogenated pa paketi, ibwezeni pa shelefu.

3. ULENDO WA MAFUTA M'MIMBA

Mafuta sasakanikirana ndi madzi, pamene magazi athu mbali yaikulu ndi madzi. Ndiye thupi limachita bwanji kuti mafuta alowe m'magazi? Ntchitoyi ili ndi magawo asanu.

Gawo loyamba: m'kamwa ndi m'chifu. Mano amaphwanya chakudya ndipo chifu chimachitakasa. Mafuta ochepa okha ndi amene amagayika pano. Chakudya chamafuta chimakhalitsa m'chifu, n'chifukwa chake munthu akadya zonona sachedwa kukhuta ndipo njala imachedwa kubwera.

Gawo lachiwiri: ndulu. Aliyense amene anatumbulapo nkhuku kapena mbuzi amakadziwa kathumba kobiriwira komamatira kuchiwindi, kamene kakaphulika nyama yonse imawawa. Nafenso tili nako. Chiwindi chimapanga madzi a ndulu, pafupifupi theka la lita kapena kuposerapo patsiku, ndipo kathumbako kamawasunga. Chakudya chamafuta chikafika kumayambiriro kwa matumbo aang'ono, kathumbako kamafinyira ndulu m'matumbo. Ndulu imagwira ntchito ngati sopo pa ovolosi ya girisi: imagawa dontho lalikulu la mafuta kukhala timadontho tambirimbiri totha kuyandama m'madzi.

Gawo lachitatu: lumo la thupi. Kuseri kwa chifu kuli chiwalo chotchedwa pancreas, chimene ena amachitcha kapamba. Chiwalochi chimatulutsa madzi okhala ndi lipase, mankhwala achilengedwe amene amadula mafuta. Lipase amadula mano awiri a m'mbali a foloko ija n'kusiya gliserini ali ndi dzino limodzi. Claude Bernard wa ku France ndi amene anasonyeza, m'zaka za m'ma 1840, kuti popanda madzi a chiwalochi mafuta sagayika.

Gawo lachinayi: kulowa m'khoma la matumbo. Ndulu imanyamula tizidutswato n'kutifikitsa pa khoma la matumbo aang'ono, pamene timayamwidwa. Ndulu yambiri siitayika. Pafupifupi magawo 95 pa 100 alionse amayamwidwanso kumapeto kwa matumbo aang'ono n'kubwerera kuchiwindi.

Gawo lachisanu: kupakira. M'maselo a khoma la matumbo, foloko ija imamangidwanso. Kenaka mafuta amakutidwa ndi mapuloteni n'kukhala timipira totha kuyenda m'madzi, ngati tingolo tonyamula miyala. Timipirati timayamba tadutsa m'timitsempha ta madzi otchedwa limfu, njira yomwe ija mumatuluka mwanabere, ndipo timalowa m'magazi pa mtsempha wa pafupi ndi khosi. Ichi n'chifukwa chake nthawi zina anamwino amakuuzani kuti mubwere musanadye akafuna kuyeza mafuta a m'magazi.

Mavitamini A, D, E ndi K amayenda ulendo womwewu pamodzi ndi mafuta. Ndiwo zamasamba zotendera nsinjiro kapena zothira mafuta pang'ono zimapindulitsa thupi kuposa zongowiritsa m'madzi. Ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe malamulo amafuna kuti mafuta ophikira a m'fakitale athiridwe vitamini A.

4. KUSUNGA NDI KUWOTCHA

Timipira tija tikamayenda m'magazi, lipase wina wa m'makoma a mitsempha amatsitsa katunduyo. Minofu imatenga mafuta amene ikufuna, ndipo otsala amasungidwa m'maselo a mafuta, pansi pa khungu ndi m'kati mwa mimba. Imeneyi ndi nkhokwe ya thupi.

Dziwani kuti nkhokweyi siidzaza ndi mafuta okhaokha. Mukadya nsima, buledi kapena shuga woposa amene thupi likufuna, chiwindi chimasandutsa wotsalayo kukhala mafuta. Zakumwa zotsekemera zimathandizira kwambiri zimenezi. Mowa nawo uli ndi ma kilojoule 29 pa galamu iliyonse ya ukali wake, ndipo chiwindi chikatanganidwa ndi mowa chimachepetsa kuwotcha mafuta, motero mafutawo amaunjikana m'chiwindi momwemo.

Nanga nkhokwe imatsegulidwa liti? Mukatha kudya, thupi limatulutsa insulini, yemwe amalamula kuti mafuta asungidwe. Pakapita maola osadya, kapena mukamagwira ntchito, insulini amatsika, adirenalini amakwera, ndipo nkhokwe imatseguka. Foloko imaphwanyidwanso. Gliserini amapita kuchiwindi, kumene angathe kusandutsidwa shuga. Maunyolo amapita ku minofu ndi kumtima.

M'maselo a minofu muli ting'anjo ting'onoting'ono totchedwa mitochondria. M'menemo unyolo umadulidwa kaboni awiriawiri, monga mmene munthu amadulira mzimbe mfundo ndi mfundo. Unyolo wa kaboni 16 umadulidwa kasanu ndi kawiri n'kutulutsa tizidutswa 8. Franz Knoop wa ku Germany ndi amene anatulukira kadulidwe kameneka mu 1904. Tizidutswato timawotchedwa ndi okosijeni amene timapuma, ndipo pamatuluka zinthu zitatu: mphamvu, madzi, ndi mpweya woipa wotchedwa carbon dioxide.

5. THUKUTA SI MAFUTA

Ambiri amakhulupirira kuti kutentha kwa pansi kumasungunula mafuta n'kuwatulutsa ngati thukuta. Si zoona. Mu 2014 ofufuza awiri a ku Australia, Ruben Meerman ndi Andrew Brown, anawerengera kuti munthu akawotcha makilogalamu 10 a mafuta, makilogalamu 8.4 amatuluka m'mapapo ngati mpweya, ndipo 1.6 okha ndi amene amasanduka madzi. Kunena zoona, mafuta timachita kuwapumira kunja.

M'migodi yakuya ngati Mponeng, pafupi ndi Carletonville, umene umafika pafupifupi makilomita 4 pansi, mwala weniweniwo umatentha kufika madigiri 60, n'chifukwa chake mpweya umachita kuziziritsidwa. Ngati sikelo ikusonyeza kuti mwatsika kilogalamu imodzi kapena awiri pa shifiti imodzi, chimene mwataya ndi madzi ndi mchere. Osadzimana madzi pofuna kuchepetsa thupi. Kutero kungakukomoleni ndi kutentha ndipo kumawononga impso. Imwani madzi pafupipafupi, ngakhale ludzu lisanakugwireni.

6. KOLESITEROLO NDI MITSEMPHA YA MAGAZI

Kolesiterolo ndi chinthu chonga phula chimene thupi limagwiritsa ntchito pomanga maselo, popanga ndulu, vitamini D ndi mahomoni. Wambiri amapangidwa m'thupi momwemo, makamaka m'chiwindi. Nayenso amayenda m'tingolo. Tingolo totchedwa LDL timamutenga kuchokera kuchiwindi kupita m'thupi lonse. Totchedwa HDL timatolera wotsala n'kumubweza kuchiwindi.

Apa ndi pagona nkhani. Munthu akamadya mafuta oundana ambiri, chiwindi chimachepetsa kuchotsa LDL m'magazi. LDL wotsalayo amalowa m'makoma a mitsempha n'kumaunjikana pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, monga mmene paipi yamadzi imatsekekera ndi dzimbiri. Munthu samva kupweteka kulikonse. Tsiku lina chotupacho chimang'ambika, magazi amaundana pamenepo, ndipo njira imatsekeka. Zikachitikira kumtima, mtima umagwidwa. Zikachitikira kuubongo, ndiye sitiroko ija imapha ziwalo.

Ntchito yolemetsa imathandiza: imawotcha mafuta ndipo imakweza HDL. Koma munthu angathe kukhala wowonda ndi wamphamvu, LDL wake ali wokwera. Fodya, BP ndi shuga zimafulumizitsa kuwonongekaku. Ndipo mukasintha ntchito, kuchoka pa makina oboolera kupita pa ntchito yokhala pansi, kapena mukapita kutchuthi, mphamvu imene mukuwotcha imatsika pamene mbale ili yomwe ija.

Kumudzi munthu akabwera kuchokera ku Joni ndi mimba yotuluka, anthu amati zinthu zamuyendera. Komatu mafuta a m'kati mwa mimba ndi amene amayenda limodzi ndi matenda a shuga ndi a mtima. Yezani chiuno ndi tepi podutsa pa mchombo. Kwa abambo, masentimita 94 kapena kuposerapo ndi chenjezo. Kwa amayi ndi masentimita 80. Pa zotsatira za magazi, kolesiterolo yense ayenera kukhala pansi pa 5, LDL pansi pa 3, ndipo triglyceride pansi pa 1.7. Kwa odwala shuga kapena mtima, adokotala amafuna manambala otsikirapo.

7. MAFUTA NDI MANKHWALA AMENE MUKUMWA

Malungo: Mankhwala a LA, amene amatchedwanso Coartem, amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono, monga mkaka kapena phala lothira nsinjiro. Kumbukirani zimenezi mukadwala malungo popita kapena pochokera kumudzi.

TB: Wodwala chifuwa chachikulu amawonda ndipo amafunika chakudya chowonjezera. Mtedza, chiponde, mazira, nsomba ndi mapeyala zimathandiza kubwezeretsa thupi. Pewani mowa, chifukwa mankhwala a TB ndi mowa zonse zimalemetsa chiwindi.

Ma ARV: Mankhwala akale otchedwa stavudine ankaphwetsa masaya ndi miyendo, ndipo anasiyidwa. Anthu ena amene akumwa mankhwala a TLD amaonjezera thupi. Musasiye mankhwala chifukwa cha zimenezi. Kambiranani ndi a kuchipatala, ndipo muziyezetsa BP, shuga ndi mafuta a m'magazi.

8. ZIMENE MUNGACHITE KUYAMBIRA LERO

Bungwe la WHO limalangiza kuti mafuta oundana asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu imene munthu amapeza m'chakudya. Kwa munthu wodya ma kilojoule 10,500 patsiku, amenewa ndi magalamu pafupifupi 28 okha. Cholinga si kusiya mafuta, koma kusinthanitsa oundana ndi amadzimadzi.

• Dulani mafuta oyera pa nyama musanaphike, ndipo chotsani khungu la nkhuku. Msuzi ukazizira, yengulani mafuta oundana pamwamba.
• Phikirani mafuta a mpendadzuwa, canola, soya kapena mtedza. Yezani ndi supuni, osangokhuthula botolo.
• Idyani nsomba kawiri pa sabata. Mungathe kudya pilchards za m'chitini, kapenta kapena usipa.
• Masiku ena nyemba, nandolo, soya kapena masamba otendera zilowe m'malo mwa soseji ndi poloni.
• Shisa nyama, kanyenya, magwinya ndi tchipisi zikhale za apo ndi apo, osati chakudya cha tsiku lililonse.
• Mafuta akawiritsidwa mobwerezabwereza, maunyolo ake amawonongeka. Akada, akayamba thovu, kufuka utsi msanga kapena kununkha, atayeni. Yang'ananinso mtundu wa mafuta a pa chiwaya musanagule.
• Sungani botolo la mafuta lotseka, kutali ndi dzuwa ndi moto. Tayani mtedza wa chuku, chifukwa poizoni wake amawononga chiwindi.
• Pogula, yerekezani mapaketi awiri. Onani mzere wolembedwa saturated fat pa magalamu 100, n'kusankha ya nambala yochepa.

Ngati mumaphika pagulu kuhositelo, gwirizanani ndi anzanu. Ngati mumadya kukantini, uzani oimira ogwira ntchito pa komiti ya zaumoyo ndi chitetezo kuti nkhani ya chakudya ikambidwe. Simuyenera kusintha zonse tsiku limodzi. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

9. PITANI KUCHIPATALA MUKAONA IZI

• Chifuwa kuthina kapena kupweteka mpaka kumkono, kukhosi kapena kunsagwada. Pitani nthawi yomweyo.
• Nkhope kupotoka, mkono kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi, kulephera kulankhula. Pitani nthawi yomweyo.
• Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kuwonda, kusanza, ndi mpweya wa m'kamwa wonunkhira ngati zipatso. Insulini akasowa, thupi limaphwanya mafuta mopitirira muyeso ndipo chiwindi chimatulutsa ma asidi otchedwa ketones, amene akachuluka angaphe.
• Kupweteka kumanja pansi pa nthiti mukadya zonona, kapena maso achikasu. Mwina ndi timiyala ta m'ndulu kapena vuto la chiwindi.
• Chimbudzi chotuwa, chonona, chonunkha kwambiri ndi choyandama. Ndi chizindikiro choti mafuta sakugayika.
• Kuwonda popanda chifukwa, kutsokomola kosatha, thukuta la usiku kapena phuma. Kayezetseni TB ndi matenda a fumbi la mumgodi.

MAFUNSO OKAMBIRANA PAGULU

1. N'chifukwa chiyani mafuta a ng'ombe amaundana pamene a mpendadzuwa saundana?
2. Kodi ndulu imagwira ntchito yanji? Nanga lipase?
3. Munthu akachepa thupi, mafuta ambiri amatulukira kuti?
4. Mnzanu akunena kuti, "Ine ndimagwira ntchito yolemetsa, ndingadye chilichonse." Mungamuyankhe bwanji?
5. Tchulani zakudya ziwiri zimene mungasinthe sabata ino.

KUMBUKIRANI

Pa nthawi yoyezetsa ikubwerayi, musangolandira chiphaso n'kutuluka. Funsani anamwino manambala anu a BP, shuga ndi kolesiterolo, alembeni, ndipo sungani pepalalo pamodzi ndi mapepala anu ena a kuchipatala kuti mudzapite nalo kwanu. Mukatha kuwerenga kapepala kano, patsani mnzanu.